Za m'maluwa zenizeni: kumene mitundu ya mbeu zathu imabadwira

Pa Chichewa chathu tikati munthu akunena za m'maluwa ndiye kuti akunena zopanda mutu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Koma sabata ino, alimi anzanga, ndikufuna tikambirane za m'maluwa zenizeni, chifukwa nsima imene tadya dzulo, ndiwo zake, nsinjiro zotendera ndiwozo, ngakhale fodya amene ena tikudikira kuti atipatse ndalama ku okushoni, zonsezi zidayambira m'duwa. Mlimi wosadziwa ntchito ya duwa ali ngati woweta ng'ombe wosadziwa ntchito ya nkhunzi.

Ine ndimakhala ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre, ndipo ndili ndi kamunda kumunsi kwa phiri la Michiru. Pamsika wathu wa Chirimba mukayenda kuchokera kwa ogulitsa chimanga kukafika kwa ogulitsa zipatso mupeza nandolo, khobwe, nzama, mtedza, mpunga, chinangwa, mbatata, mpiru, bonongwe, chisoso, therere, matimati, anyezi, tsabola, mapeyala, mango, masau, malambe, nzimbe ndi zina zambirimbiri. Pa zakudya zonse zomera kumunda ndi kutchire zimene zimafika pamsikawu, bowa yekha ndiye sachokera ku chomera cha maluwa. Funso langa ndi ili: kodi mitundu yonseyi idachuluka bwanji chonchi, ndipo nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife ogwira khasu?

Zidabwera mochedwa koma zidadzaza dziko

Akatswiri a zomera akuti padziko lonse pali mitundu pafupifupi 300,000 ya zomera za maluwa. Pa mitundu 10 iliyonse ya zomera za pamtunda, pafupifupi 9 ndi ya maluwa. Mitengo yobala njere popanda duwa, monga paini ndi mkungudza wathu wa ku Mulanje, pamodzi ndi abale ake onse ndi mitundu pafupifupi 1,000 basi.

Chodabwitsa nchakuti ochepawa ndiwo akuluakulu. Zotsalira za zomera zakale zimene zidadindika m'miyala zikusonyeza kuti mitengo ya mtundu wa paini idalipo kalekale duwa lisanaoneke. Zizindikiro zomveka bwino za zomera za maluwa zikuyambira zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Amene mudafikako ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Karonga mudaona mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake adafukulidwa ku Mwakasyunguti ndipo chidapatsidwa dzinali mu 1993. Chinyamachi chidakhala ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, pamene zomera za maluwa zinali zitangoyamba kumene. Sichidaoneko mango, mlambe kapena munda wa udzu monga tiuonera lero.

Kuchokera pamenepo zomera za maluwa zidafalikira mwaliwiro, mpaka katswiri wina wa ku Mangalande, Charles Darwin, adalembera mnzake Joseph Hooker mu 1879 kudandaula kuti nkhaniyi ikumuzunguza mutu. Ophunzira a masiku ano apeza zifukwa zingapo. Masamba a zomerazi ali ndi timitsempha tambiri totunga madzi kotero zimakula msanga. Njere zake zimabisika m'chipatso chimene mbalame, anyani ndi anthu amadya nkukataya njerezo kutali. Koma chifukwa chimene ife alimi tingachione ndi maso athu m'munda ndi duwa lenilenilo.

Duwa ndi bwalo la chinkhoswe

Duwa silidapangidwire kukongoletsa pakhomo. Ndi pamene pamachitikira ukwati wa zomera. Mbali yachimuna imatulutsa kaufa kachikasu kotchedwa mungu, ndipo mbali yachikazi imaulandira kuti njere ibadwe. Poti chomera sichiyenda, chimafuna nkhoswe yonyamula munguwo. Ankhoswe ake ndi njuchi, agulugufe, ntchentche, mbalame zoyamwa maluwa, mileme ndi mphepo. Malipiro a nkhoswe ndi timadzi totsekemera tija timene ana amayamwa m'maluwa.

Onani maungu. Pa chomera chimodzi pali maluwa a mitundu iwiri. Lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kumunsi kwake, lachimuna lili pa kaphesi kowonda kopanda kanthu. Njuchi ikapanda kuchoka pa lachimuna kupita pa lachikazi m'mawa umene duwalo latseguka, kadzungu kaja kamachita chikasu nkugwa. Ambiri timati nthaka yakana kapena wina watilodza, chonsecho nkhoswe ndiyo sinabwere.

Onaninso chimanga. Ngayaye ndiye mwamuna, ndevu ndiye mkazi, ndipo nkhoswe ndi mphepo. Ndevu iliyonse imalumikizana ndi njere imodzi pachisononkho. Ndevu imene sinalandire mungu imasiya mpata, nchifukwa chake chimanga chikakumana ndi ng'amba nthawi yomasula chimatuluka cha magweru.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi. Njere iliyonse yobadwa motere imatenga zina kwa bambo, zina kwa mayi, monga ana a m'mimba imodzi amene wina amatalika, wina amafupika, wina sadwaladwala. Ndidafunsapo mayi wina wogulitsa mapeyala pamsika chifukwa chake mapeyala ake sankafanana.

"Amayi, kodi awa ndi a minda yosiyana?"

"Iyayi bambo, onsewa ndi a pakhomo panga ku Thyolo. Mitengo itatu, njere zake zidachokera pa mtengo umodzi wa malemu apongozi anga. Koma wina ndi wamafuta, wina ndi wamadzi, wina njere ndiye yaikulu kuposa chodya."

Mayiwa adafotokoza m'mau ochepa chimene mabuku amachifotokoza m'masamba ambiri. Duwa limasakaniza magazi, ndipo mwana aliyense amatuluka ndi zakezake.

Mmene mtundu umodzi umasandukira iwiri

Ana akasiyana chonchi, malo ndiwo amasankha. Pouma amapulumuka amene amapirira ludzu, pozizira amapulumuka amene amapirira chisanu, ndipo opulumukawo ndiwo amasiya mbeu. Gulu lina likapatukana ndi anzake chifukwa cha phiri, chigwa, kapena chifukwa likumasula maluwa mwezi wina, magazi amaleka kusakanikirana. Pakapita mibadwo zikwizikwi magulu awiriwo sangathenso kukwatirana, ndipo mtundu watsopano wabadwa.

Umboni uli konkuno kwathu. Phiri la Mulanje lili ngati chilumba pakati pa chigwa, ndipo lili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 70 imene sipezeka kwina kulikonse padziko. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a banja la chinaka, chomera chija chimene abale athu a kumpoto ndi a ku Zambia amakumba timizu take nkuphika chikanda. Asodzi akudziwa kuti zoterezi zidachitikanso ndi nsomba za m'nyanja ya Malawi, mmene mbuna, utaka ndi anzake zidagawikana kukhala mitundu mazanamazana.

Nthawi zina wopatula mitundu amakhala nkhoswe yemwe. Mu 1862 Darwin adalandira duwa lochokera ku chilumba cha Madagascar limene timadzi take tinali pansi pa kampope kotalika pafupifupi masentimita 30. Iye adati payenera kukhala gulugufe wa usiku wa mlomo wotalika chomwecho. Guluguferyo adadziwika mu 1903, Darwin atamwalira kale, ndipo anthu adadzamuona akuyamwa duwalo mu 1992.

Chitsanzo china tonse tidachigwira m'manja tili ana. Timati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kodi mudaonapo mkuyu kapena kachere atachita maluwa? Maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu momwemo. Tizirombo tambiri timene timapeza tikang'amba nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa pa kabowo ka kumapeto kwa chipatso titanyamula mungu, nkuikira mazira m'katimo. Popanda timavuti mkuyu subala njere, ndipo popanda mkuyu timavuti sitiswana. Padziko pali mitundu yoposa 750 ya mikuyu, ndipo yambiri ili ndi kamavu kakekake. Mvunguti nawo umatsegula maluwa usiku kudikira mileme.

Dziwani mabanja a mbeu zanu

Poti mitundu idachita kugawikana kuchokera kwa makolo amodzi, zomera zili ndi mabanja monga ife tili ndi mafuko. Chimanga, mapira, mawere, mpunga, tirigu, nzimbe, nsungwi ndi udzu wofolera nyumba ndi banja limodzi la udzu, lomwe lili ndi mitundu yoposa 10,000. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza ndi soya ndi banja limodzi ndi mitengo ya msangu, mthethe, bwemba, mlombwa ndi mombo, ndipo banjali lili ndi mitundu pafupifupi 20,000. Yang'anani zikhokhombe zake mudzaona kufanana. Fodya, matimati, mbatatesi, tsabola, mabiringano ndi nthula ndi pachibale. Maungu, nkhaka, mavwende, zipwete ndi mphonda ndi pachibale. Mpendadzuwa ndi chisoso ndi pachibale.

Izi sizongodziwira mayeso. Abale amadwala matenda ofanana. Mukabzala matimati pamene padali nazale ya fodya, tinyongolotsi totupitsa mizu timene tidatsala m'nthaka timapeza chakudya chomwe chija. Kasinthasintha wa mbeu weniweni ndi kusintha banja, osati dzina lokha.

Ambiri a m'banja la nyemba ali ndi mphatso imene banja la udzu lilibe. Zulani mtedza kapena soya muone timatuza tili kumizu. M'menemo mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene timatenga chakudya cha mbeu kuchokera mumpweya, chakudya chomwe chija timagula mu feteleza wa Urea. Amayi a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje amene amabzala nandolo pakati pa chimanga akugwiritsa ntchito mphatso imeneyi.

Kaufiti nayenso ndi chomera cha maluwa, koma iye adasankha njira ya kuba. Njere zake zimagona m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira fungo la mizu ya chimanga kapena mapira. Mapira ndi mbeu ya kuno ku Africa, yalimbana ndi kaufiti kuyambira kale, ndipo mitundu ina ya mapira idaphunzira kudziteteza. Chimanga ndi mlendo, nchifukwa chake chimagonja msanga. Soya, mtedza ndi thonje zimanyenga njere za kaufiti wa chimangayu kuti zimere, koma zikamera zimasowa poyamwa nkufa.

Dzanja la mlimi

Ntchito yosankha imene chilengedwe chidachita kwa zaka mamiliyoni, mlimi adaifulumizitsa. Chimanga chidachokera ku udzu wa kutchire wotchedwa teosinte wa kumwera kwa dziko la Mexico. Kangala kake nkochepa ngati chala, ka njere zowerengeka zokutidwa ndi chikhokho cholimba. Alimi a kumeneko adayamba kusankha njere zabwino zaka pafupifupi 9,000 zapitazo mpaka chidasanduka chimanga. Chidafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500, monganso chinangwa, mtedza, mbatata ndi fodya zimene kwawo ndi ku America. Nandolo ndi mango kwawo ndi ku India. Zathu zenizeni za mu Africa ndi mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Pamene David Livingstone ankayenda m'dera la mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima mapira ambiri, chimanga chili mbeu imodzi chabe mwa zambiri.

Chitafika kuno, agogo athu aakazi ndiwo adachiumba. Chaka ndi chaka ankasankha zisononkho za njere zolimba, zokonoka bwino mumtondo, zosafumbwa msanga m'nkhokwe, nkuzipachika pamwamba pa moto. Umu ndi mmene chidabadwira chimanga cha makolo. Mitundu yambiri ya haibulidi ya kale inali ya njere zofewa, ndipo amayi ankadandaula kuti imathera ku madeya. Akatswiri a ku Chitedze adamva dandauloli ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, haibulidi wa njere zolimbirapo. Ntchito yawo idali yomwe ija ya nkhoswe: kutenga mungu wa mtundu uwu kuika pa ndevu za mtundu uwo.

Dzina lakuti Chitedze lomwelo lili ndi phunziro. Chitedze choyabwa cha kutchire ndi kalongonda amene timalima kuno kumwera ndi chomera chimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti anthu akale adasankha zimene zidalibe ubweya woyabwa nkumazibzala. Nandolo nayenso tili naye wa mitundumitundu. Alimi adakonda Mthawajuni chifukwa amacha msanga, monga dzina lake likunenera. Matenda ofotetsa nandolo atavuta, mu 1987 kudatulutsidwa mtundu wa ICP 9145 umene umapirira matendawa. Kupirirako sikudapangidwe m'fakitale. Kudapezeka mu nandolo wa makolo amene alimi ena a kum'mawa kwa Africa adasunga.

Phunziro la nthochi

Tsono taonani chimene chimachitika mbeu ikasiya njira ya njere. Nthochi zimene timadya zimatulutsa duwa koma sizibala njere. Timabzala ana ophuka patsinde, ndipo mwana wotere ndi mayi wake yemweyo, alibe bambo. Chofooka cha mayi ndi chofooka cha munda wonse, ndipo mayi akadwala mwana amatenga matendawo.

Cha m'ma 1994 matenda a chisaka adaoneka m'nthochi ku Nkhotakota. Amafala ndi nsabwe za nthochi komanso ndi anthu onyamula mbeu yodwala. Patapita zaka adafika ku Thyolo ndi Mulanje, kumene mabanja ambiri ankaphunzitsa ana ndi ndalama za nthochi. Minda idatha, alimi adauzidwa kuti azule mapando onse, ndipo misika ya mu Blantyre idayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Ife a ku Chirimba tidaziona pa mtengo wa phava limodzi.

Zoterezi zidachitikaponso kunja. Ku Ireland anthu osauka ankadalira mbatatesi, makamaka ya mtundu umodzi, yobzalidwa kuchokera ku mbatatesi inzake. Chiwawu chitafika mu 1845 minda idaola, ndipo m'zaka zochepa anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ndi njala ndi matenda. Chinangwa ndi mbatata zathu timabzalanso mitengo ndi mawawa, kotero nazonso zimafuna maso.

Nchifukwa chake maiko amasunga mbeu monga amasungira ndalama. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbeu za makolo imene idakhazikitsidwa mu 1992. Maiko a SADC ali ndi nkhokwe yawo pafupi ndi Lusaka kuyambira 1989, ndipo mu 2008 ku Svalbard m'dziko la Norway adatsegula nkhokwe ya dziko lonse m'kati mwa phiri lozizira. Ku Zomba kuli bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lokhazikitsidwa mu 1987, losunga zitsanzo za zomera za dziko lino. Koma mbeu yogona m'firiji siphunzira nyengo yatsopano. Imene imaphunzira ndi imene ikubzalidwa m'munda chaka ndi chaka.

Nanga ife tichitenji?

Choyamba, tisaike moyo wa banja pa mtundu umodzi. Bzalani haibulidi kuti mukolole zambiri, koma siyani mizere ina ya chimanga cha makolo, mapira, khobwe, nzama ndi mbatata za mitundu iwiri kapena itatu. Ntchemberezandonda zimene zidafika m'nyengo ya 2016 mpaka 2017 zidasakaza chimanga, koma amene adali ndi chinangwa ndi nandolo sadagone ndi njala. Ng'amba, mbozi ndi namondwe ngati Freddy wa mu 2023 sizigwetsa mbeu zonse mofanana.

Chachiwiri, dziwani mbeu yosungika ndi yosasungika. Nyemba, mtedza, soya ndi mpunga kawirikawiri zimadzikwatira zokha m'duwa, kotero mwana amafanana ndi mayi ndipo mutha kusunga mbeu kwa zaka zingapo. Chimanga cha haibulidi mukachibzalanso ana ake amabalalika, wina wamtali, wina wamfupi, ndipo zokolola zimatsika. Chimenecho gulani chatsopano chaka chilichonse. Ngati mukusunga cha makolo, sankhani zisononkho za pakati pa munda, kutali ndi haibulidi wa mnansi wanu, ndipo mutenge pa mapesi ambiri, osati awiri kapena atatu okha. Sankhani chimanga chikadali chiimire kuti muone phesi lomwe, osati chitalowa kale m'nkhokwe.

Chachitatu, zipatso za mtundu wodziwika monga mango a Kent ndi Tommy Atkins kapena mapeyala a Hass musabzale njere nkuyembekeza zofanana. Gulani mbande zomezanitsa, kapena pemphani alangizi akuphunzitseni kumezanitsa. Mukapeza peyala lokoma pakati pa mitengo ya njere, limenelo ndi mtundu wanuwanu. Lichulukitseni pomezanitsa lisanagwe ndi nkhwangwa.

Chachinayi, lemekezani ankhoswe. Akatswiri akuti pa mbeu 4 zikuluzikulu zilizonse zimene anthu amadya padziko, 3 zimapindula ndi tizirombo ndi nyama zonyamula mungu. Musapopere mankhwala m'mawa maluwa ali otseguka, dikirani madzulo njuchi zitabwerera. Pothyola nkhwani ndi chiluwe siyani maluwa ena achimuna. Njuchi zikasowa, thyolani duwa lachimuna m'mamawa, chotsani masamba ake, nkukhudzitsa mungu pakati pa lachikazi. Papaya wamwamuna musamudule yense chifukwa choti sabala, siyani mmodzi pa akazi 10. Ndipo tikumbuke kuti njuchi zimagona m'mitengo. Phiri la Ndirande tidalimeta tikuona, ndipo la Michiru nalo nkhwangwa za makala zalilowa. Mtengo uliwonse wogwa kumeneko ukuchotsa ankhoswe a minda ya kumunsi.

Chachisanu, mbeu ya nthochi, chinangwa ndi mbatata musatenge paliponse. Onani munda umene ikuchokera, ndipo chomera chodwala chizuleni msanga chisanapatsire chinzake.

Pomaliza ndikupempha achinyamata. Mukapita kumudzi nyengo yokolola ino, khalani pansi ndi agogo anu muwafunse maina a nyemba, mapira ndi mbatata zimene ankalima ali atsikana, ndi zimene zatsala. Zotsalazo pemphani pang'ono, ngakhale zodzaza chikhatho, mudzabzale mzere umodzi kuseri kwa nyumba mvula ikagwa. Mukapeza mtundu umene anzanu m'mudzi alibe, gawanani ndi mabanja awiri kapena atatu ndipo muwadziwitse alangizi a m'dera lanu, kuti chaka choipa chikagwera nkhokwe imodzi mbeuyo ipezeke kwina.